Bigsby pa Les Paul yanga: ndigule kapena ndisiye?

Lead wa ku Kapata: Akuluakulu muli bwanji nonse. Ndigawireni nzeru. Ndili ndi gitala ya Epiphone Les Paul yomwe ndinagula kwa munthu, ndipo ndi yokhayo: Loweruka m'maukwati, Lamlungu ku tchalitchi. Alongo anga a ku Johannesburg akubwera pa Khirisimasi ndiye afunsa chomwe andigulire. Mtima wanga uli pa Bigsby, chitsulo chija chokhala ndi mkono kumunsi kwa mawaya, chogwedezera mawu. Ya Les Paul akuti ndi B7, ndipo yeniyeni imapitirira madola 150. Ndigule, kapena ndi maso chabe?

Wa Bass ku Katete: Maso chabe. Auzeni alongo akubweretsereni mapaketi a mawaya ndi chingwe chabwino cha ku amp, chenji agulire ana maswiti.

Mnyamata wa ku Mchini: Gulani akulu! Gitala ya chitsulo chimenecho ikangotuluka m'chikwama, anthu amadziwiratu kuti lero kwabwera woyimba 🔥

Wa Bass ku Katete: Amadziwanso chuni ikathawa mkwatibwi ali pakhomo.

Naphiri wa Kiyibodi: Achimwene, ovutika ndife a kiyibodi. Kiyibodi siisuntha, A yake ndi 440 m'mawa ndi madzulo. Lead ikatsika pang'ono kwaya yonse imacheukira kwa ine ngati ndine ndalakwitsa. Ngati mugula, muyambe mwagula chochunira chopanira kumutu kwa gitala, tisamamve "ndipatseni E" pakati pa chipembedzo.

aZulu Okonza Magitala: Mwayamba kuweruza mlandu mwini wake asanalankhule. Bigsby payokha ndi chinthu chapafupi kwambiri: mawaya amazungulira pa kamtanda kachitsulo, mkono umatembenuza kamtandako, pansi pa mkono pali sipuling'i imodzi yobwezera zonse pamalo. Basi. Paul Bigsby anachipanga ku California zaka zoposa 70 zapitazo ndipo mpaka lero sichinasinthe kwenikweni.

Chimene chimathawitsa chuni nthawi zambiri si chitsulocho ayi, ndi malo omwe waya amakhula podutsa. Mukakanikiza mkono waya amakhwefuka n'kutsetsereka pa buriji, pomwe mawaya amatsamira kumunsi, ndi pa nati, kachidutswa ka timiphako ka kumutu. Mukausiya, wayayo ayenera kubwerera ndendende pomwe anali. Akakodwa m'kamphako ka nati, sabwerera. Tsono Les Paul ili ndi vuto lakelake: mutu wake ndi wopendekera kumbuyo, ndipo mawaya a D ndi G akangodutsa nati amapatukira m'mbali kupita ku makiyi awo ochunira. Paja G wa Les Paul amavuta ngakhale popanda Bigsby. Mukamachuna n'kumva kakuti "ting'", ndiye kuti waya anakodwa, wangomasuka kumene.

Mankhwala ake alipo. Timiphako ta nati tipalidwe bwino molingana ndi kukula kwa mawaya, mupakemo mtovu wa pensulo, ndipo ambiri amasintha buriji n'kuikapo ya timagudumu. Mawaya okulirapo a saizi 10 kapena 11 amakhazikika kuposa a 9. Koma onani kuti bajeti yakula kale, si B7 yokha.

Lead wa ku Kapata: Zikomo aZulu. Nanga zoboola? Ndicho chikundiopsa.

aZulu Okonza Magitala: B7 imamangidwa pawiri: kumapeto komwe kuli kabatani ka lamba, ndi masikuluu awiri pamwamba pa thupi lenileni. Mukaphonya mzere ngakhale pang'ono, E wamng'ono azidzagwera kunja kwa khosi. Ine ndimayamba ndamanga ulusi kuchokera ku makiyi a ma E awiri mpaka pa chitsulocho, ndione ngati wayenda pakati, kenako ndiye ndigwire choboolera. Mabowo awiri akale a chomangira mawaya amatsala poyera. Kampani ya Gibson yeniyeniyo, eni ake a Les Paul, m'zaka za m'ma 1960 inkawabisa pa magitala ake a ES-335 ndi kachikwangwani kolembedwa Custom Made.

China chomwe anthu amaiwala: kawaya ka ethi, koletsa phokoso la magetsi, ka Les Paul kamathera m'limodzi la mabowo amenewo. Mukachotsa zitsulo zakale osakalumikizanso, amp izilira ngati njuchi zili m'mng'oma.

Njira yosaboola iliko, mbale ya Vibramate, yomwe imamangidwa m'mabowo akale omwewo, Bigsby n'kukhala pamwamba pake. Koma ndi ndalama zinanso, ndipo muyeze kaye gitala yanu: masikuluu a Epiphone ndi a mamilimita, a Gibson ya ku America ndi a mainchesi.

Wa Bass ku Katete: Mwamva? Chitsulo, mbale, buriji, nati, ndi aZulu omwe sagwira ntchito ya "Mulungu akudalitseni" 😂 Mukaphatikiza zonse mwagula gitala ina.

Agogo aJere: Ana inu mukuwerenga makwacha okhaokha, palibe wafunsa kuti chinthucho chimalira bwanji. Ine ndinayamba gitala nthawi ya Zamrock, rock ya ku Zambia ija, pomwe aliyense ankafuna timakina tosintha mawu ta fuzz ndi wah-wah, ndipo ndakhala ndi magitala a mkono ndi opanda mkono. Chala chimagwedeza waya mmodzi kapena awiri, ndipo chimangokweza mawu. Mkono umatsitsa mawaya onse 6 nthawi imodzi n'kuwabweza. Gwirani chord yonse pa nyimbo yodekha ya kulambira, muisiye ilire, kenako mugwedeze mkono pang'ono chabe ndi kachala kakang'ono. Zimene zimatuluka pamenepo chala sichingachite. Bigsby ndi yofewa m'dzanja, siigwetsa mawu kutali, ndipo kukoma kwake ndi komweko.

Mdzukulu wangayu sanapenge ayi. Funso ndi lakuti pa nyimbo zomwe amayimba pa sabata, ndi zingati zili ndi malo a zimenezi.

Lead wa ku Kapata: Agogo mwandigwira pamtima. Kunena zoona ndi za ku tchalitchi zokha, zija zoyambira. Ku ukwati ndi rhumba, kalindula ndi sungura mpaka kutseka.

Agogo aJere: Ndiye pamenepo mkono uzingolendewera. Pa sebene, gawo lovinira la rhumba lija, dzanja lamanja lilibe nthawi yoyendera alendo. Zomwe mumamva zikunyezimira m'magitala a ku Congo ndi timakina ta chorus ndi delay pa mawu oyera, kuphatikiza zala.

Mnyamata wa ku Mchini: Koma agogo, ukangokhala osaugwira ukulakwira ndani? Gitala ikuoneka bwino, nyimbo zikuyenda.

aZulu Okonza Magitala: Umalakwa mphwanga, ngakhale osaugwira. Mawaya onse akukokana ndi sipuling'i imodzi. Mukakankha waya mmodzi kuti akwere, enawo amatsika pang'ono, ndiye ma lead a mawaya awiriawiri aja amamveka osalongosoka kwa wa khutu lakuthwa. Choopsa kwambiri ndi waya kuduka. Pa Les Paul ya masiku onse mumamaliza nyimbo ndi asanu otsalawo. Pa Bigsby mmodzi akaduka sipuling'i imapeza mphamvu, enawo amakwera, mwatuluka mu kiyi ya gulu lonse.

Kuika wina si masewera. Kamutu ka waya kamangokoleka pa kamsomali kakang'ono, ndipo kamavuka musanafike n'komwe ku kiyi. Mumayamba mwakapinda ndi pulayala, n'kukatsekera ndi kachidutswa ka siponji, kapena kupana wayayo pa khosi ndi kapo, chopanira mawaya chija. Patebulo panga ndi zophweka. Mu holo, magetsi atathima, wina akukuunikirani ndi foni, apongozi a mkwati akudikira, ndi nkhani ina.

Naphiri wa Kiyibodi: Ndipo nyengo ya mvula yayandikira. Ndi chinyezi cha Januwale ndi thukuta la m'manja mawaya amachita dzimbiri msanga, amaduka kwambiri nthawi imeneyo. Kuno mukasowa saizi yomwe mumafuna mumachita kutumiza ku Lusaka kapena kudumpha pa boda ya Mwami kupita ku Lilongwe.

Mnyamata wa ku Mchini: Nanga zija zotchipa za pa intaneti, zooneka chimodzimodzi?

Wa Bass ku Katete: Wa lead wathu wakale anaitanitsa ina yopanda dzina. Poitsegula inkawala bwino, koma kamtanda kake kanali kolimba, mkono ukatsika sunkabwerera pamalo amodzi kawiri. Anaichotsa, gitala inatsala ndi mabowo, pogulitsa aliyense ankayambira kuloza pomwepo kuti atsitse mtengo.

aZulu Okonza Magitala: Musasakanize. Pali B70 ndi B50 zomwe ndi za chilolezo cha Bigsby, zopangidwa ku Asia, zotsika mtengo koma zogwira ntchito. Ndiye pali zongokopera zopanda mwini. Dziwaninso kuti mabowo a B70 safanana ndi a B7, choncho mbale ya ina siilowa pa inzake. Alongo anuwo muwalembere nambala yeniyeni, asakangoloza chithunzi m'shopu.

Koma gitala ikanakhala yanga, ndipo ili yokhayo yodyetsa ana, sindikanaiboola. Ndalama zomwezo ndikanasaka gitala yachiwiri, Squier Stratocaster kapena Yamaha Pacifica yakale. Zimabwera ndi mkono kale, Stratocaster yakhala nawo kuyambira 1954, ndipo waya akaduka pa ina mumangonyamula inzake.

Lead wa ku Kapata: Mkono wa Strat ndi wa Bigsby ndi chimodzimodzi?

Agogo aJere: Ayi, wa Strat ndi wopepuka ndipo umatsika kutali, umafuna dzanja lodziletsa. Koma ukuuzani ngati ndinu munthu wa mkono kapena ayi. Ndili nayo pano, masipuling'i atatu kumbuyo, ingofunika mawaya atsopano. Bwerani mudzaitenge muyimbire mwezi wonse wa Novembala, alongo asanalipire kanthu.

Lead wa ku Kapata: Zikomo kwambiri agogo, ndifika Lachitatu ndikaweruka. Koma ndisakunamizeni, chithunzi cha B7 sindinachifufute mu foni.

Naphiri wa Kiyibodi: Lachinayi mubwere nayo ku pulakatisi, osati kudzaiyesera pa ife Lamlungu.

aZulu Okonza Magitala: Podutsa mundisiyire Les Paul ndione nati yake. G ameneyo ndinamumva ku ukwati wa mwezi watha, akufunika thandizo ndi kale.