Chipewa cha chumuni cha kukhitchini: chotani, chachikulu bwanji?

Mayi wa ku Ngabu

Amisiri ndi onse odziwa, ndithandizeni nzeru. Khitchini ndi ya njerwa, denga la malata, mkati muli chitofu cha nkhuni cha miphika iwiri. Utsi umatulukira m'paipi ya lata ya mainchesi 4 yomwe inaboola denga, koma kukamwa kwake kuli pululu. Mvula ikagwa madzi akuda amatsetserekera m'chitofu, ndipo mwera ukamaomba utsi umabwerera mkati. Chapafupi pali nkhokwe yofoleredwa ndi udzu. Ndiike chipewa chotani? Nanga waya wa sefa ndi wofunika?

Mmisiri wa malata, Nchalo

Mayi, paipi ya mainchesi 4 ndi masentimita 10, ndiye chipewa chake chikhale chosongoka ngati denga la nkhokwe, chotambalala masentimita 24 kapena 25. Mmisiri adule lata lozungulira la masentimita 28, achotsepo kachidutswa kosongoka kokwana gawo limodzi mwa magawo 8, kenako akumanize m'mbali mwake.

Pomwe ambiri amalakwitsa ndi pa mpata. Kuchokera kukamwa kwa paipi kufika pomwe pali m'mphepete mwa chipewa pakhale masentimita 5 mpaka 7. Mukachitsitsa kwambiri poopa mvula, utsi umasowa potulukira, moto umafooka, ndipo mwaye umadzadza msanga. Mukachikweza kwambiri, mvula yamphepo imalowa cham'mbali ngati palibe kanthu.

Lata likhale lokhuthala, la geji 24 kapena 26. Zidutswa zotsala pofolera nyumba n'zopyapyala, sizichedwa kubooka, chifukwa madzi akasakanikirana ndi mwaye amadya chitsulo. Chipewacho chiime pa miyendo itatu ya chitsulo chaphanthiphanthi, yomangidwa ndi mariveti kapena mabawuti. Asamatire ndi mtovu, umasungunuka ndi kutentha.

Womanga nyumba, Bangula

Za miyezo amisiri anena zoona, koma chipewa chosongokacho chimathetsa vuto la mvula lokha. Utsi wobwerera m'khitchini nthawi zambiri ndi nkhani ya kufupika kwa chumuni. Mphepo ikawomba denga, khoma la nyumba yaikulu kapena mtengo, imapindikira pansi n'kukankhira utsi m'paipi. Paipi itulukire pamwamba pa malata ndi masentimita 90, komanso ipose ndi masentimita 60 chilichonse chomwe chili pa mtunda wosakwana mamita 3, kuphatikizapo nsonga ya dengalo. Yambani mwayeza zimenezi musanagule kanthu.

Kuno kuchigwa kulinso kena. Chomwe chimakoka utsi ndi kusiyana kwa kutentha kwa mkati mwa paipi ndi kwa kunja. Mu Okutobala ndi Novembala, dzuwa likafika pa madigiri 40, moto wongoyatsa kumene sukoka msanga, ndiye paipi yaifupi imavutika kawiri. Yatsani kaye timitengo touma kuti paipi itenthe musanaike zikuni.

Ngati mwatalikitsa koma mwera ukubwezabe utsi, pangitsani chipewa chooneka ngati chilembo cha H: paipi yopingasa pamwamba, ndi tiwiri toimirira m'mbali totseguka kumwamba ndi kunsi. Mphepo ikalowa kumwamba imatulukira kunsi kwa tim'mbalito, osatsikira m'chumuni. N'cholemera, choncho paipi imangidwe ndi mawaya atatu okokera mbali zitatu. Ndipo chipewa chilichonse chikhale ndi lamba wachitsulo womanga ndi bawuti kuzungulira paipi. Chongovekedwa sichingapirire mphepo ngati ya namondwe Ana mu 2022 kapena Freddy mu 2023.

Mlangizi wa zitofu, Chikwawa boma

Ndiyankhe za sefa, chifukwa nkhokwe ya udzuyo ndi yomwe yandidetsa nkhawa. Mapesi a mapira, mitengo ya thonje ndi zitsononkho zimathetheka kwambiri, ndipo m'chilimwe nthethe imodzi ndi yokwanira. Sefa iikidwe ndithu. Imatchinganso mileme ndi mbalame zomanga zisa.

Maso ake akhale a mamilimita 10 mpaka 12. Waya wotchingira udzudzu pa mawindo musauyerekeze n'komwe: umatsekeka ndi mwaye m'masiku ochepa, utsi wonse n'kudzadza m'khitchini momwe muli mayi ndi mwana kumbuyo. Musayalenso sefayo pakamwa pa paipi ngati chivindikiro. Ipindidwe ngati kadengu kozungulira, kotambalala masentimita 20 ndi kutalika masentimita 12, kuchokera kunsi kwa chipewa kutsika kupitirira pang'ono kukamwa kwa paipi, n'kutsekanso kunsi kwake ndi sefa yomweyo. Ikatero ngakhale mbali ina itatsekeka utsi umapezabe njira.

Kamodzi pamwezi masulani bawuti, tsitsani chipewa, kwechani ndi bulashi ya waya. M'paipimo tsitsani chiguduli chomanga ku nsungwi. Mukaona phula lakuda lomata m'malo mwa mwaye wouma, nkhuni zanu n'zaziwisi kapena zonyowa. Phula limenelo limatha kugwira moto m'chumuni likachuluka.

Mayi wa ku Ngabu

Zikomo nonse. Ndayeza, paipi yangotuluka masentimita 40 basi. Nanga madzi ena omwe amadontha mozungulira paipi pomwe yaboola denga, chipewa chiwaletsa?

Mmisiri wa malata, Nchalo

Ayi Mayi, imeneyo ndi ntchito ina. Pakufunika lata la makona anayi, ngati masentimita 45 mbali iliyonse, lokhala ndi khosi pakati lomwe paipi idutsemo. Mbali yakumtunda ilowe kunsi kwa lata la denga kapena kunsi kwa chotchinga cha pansonga, yakumunsi ikhale pamwamba, kuti madzi azingodutsa. Pamwamba pa khosilo amange kasiketi kalata kothina pa paipi. Phula la pa malata musamatire pa paipi yeniyeniyo, limasungunuka n'kutsikira mkati. Onaninso kuti paipi isayandikire phaso kapena thabwa lililonse la denga: paipi ya lata limodzi imafuna mpata wa masentimita 45. Potalikitsa paipi kuti ifike masentimita 90 aja, chidutswa chowonjezera cha masentimita 60 chilowe mkati mwa paipi yakunsi, osati kuivala kunja, kuti phula likamatsika lizitsikira mkati.