Mario Puzo ndimuyambire pati pophunzitsa achinyamata?

Wofunsa: Akuluakulu apagulu pano, ndithandizeni. Ndikukonza phunziro la moyo wa Mario Puzo, la achinyamata ofuna kulemba mabuku. Ambiri amangodziwa filimu ya The Godfather basi. Ndiwauze chiyani chogwirika, nanga awerenge buku liti poyamba?

Yankho loyamba: Yambani ndi komwe anachokera. Anabadwa mu 1920 ku Hell's Kitchen, mu mzinda wa New York, kwa makolo osauka ochokera kum'mwera kwa Italy. Apatseni The Fortunate Pilgrim, la 1965, lonena za mayi wachitaliyana amene akulera ana movutikira mu mzindawo. Mwiniwake ankalikonda kuposa mabuku ake onse. Akatswiri analiyamikira, monganso The Dark Arena la 1955, koma onse awiri sanam'patse ndalama yooneka.

Yankho lachiwiri: Musadumphe ntchito yake ya m'magazini, mayi, poti luso lake linakhwimira kumeneko. M'zaka za m'ma 1960 ankalembera kampani ya Magazine Management ya Martin Goodman, nkhani zankhondo m'magazini ngati Male ndi True Action, zina pa dzina loti Mario Cleri. Kumeneko tsiku lopereka nkhani silisuntha, ndipo ndime yoyamba ikafooka wowerenga amatsegula tsamba lina. Auzeni ana anuwo alembe nkhani ya masamba awiri, chochitika chachikulu chiyambe m'ndime yoyamba, aipereke pakutha pa sabata.

Yankho lachitatu: Ine ndingalimbikire za ndalama, chifukwa apa ndi pomwe olemba ambiri amagwa. Ali ndi zaka 45, ana asanu, anali ndi ngongole ya madola pafupifupi 20,000. Kampani yosindikiza mabuku ya G. P. Putnam's Sons inam'patsa madola 5,000 a chiyambi kuti alembe buku la The Godfather. Buku lisanathe, ngongole ikum'panikiza, analandira madola 12,500 okha kwa kampani ya mafilimu ya Paramount pa mgwirizano wopanga filimu. Ufulu wosindikiza buku lachikuto chofewa unadzagulitsidwa pa madola 410,000. Aonetseni kusiyanaku: ufulu wa filimu, wa kumasulira ndi wa kusindikizanso amaugulitsa padera, ndipo mtengo umakwera buku likatha. Buku la The Godfather, lonena za banja la zigawenga za Mafia, linatuluka mu 1969. Polilemba anali asanakumanepo ndi chigawenga cha Mafia. Zambiri anazipeza powerenga.

Wofunsa: Zikomo kwambiri. Nanga filimuyo analemba yekha?

Yankho lachiwiri: Ayi, analemba limodzi ndi Francis Ford Coppola, wotsogolera filimuyo, ndipo analandira mphoto ya Oscar kawiri, pa filimu yoyamba ya 1972 ndi gawo lake lachiwiri la 1974. Anamwalira mu 1999 ku Long Island.