Sukulu ikuyandikira, zaluso za ana zosamaliza tizitani?

Funso: Makolo anzanga, ndithandizeni nzeru. Sukulu itsegulidwa pakatha masabata awiri, ndipo ana anga, wa zaka 7 ndi wa zaka 11, ali ndi ntchito zamanja zosamaliza: chigoba cha mapepala omata pa baluni chomwe chayamba kununkha, tizinyama ta dongo tomwe tikung'aluka, ndi kansalu ka crochet (koluka ndi singano ya ngowe) kotsala theka. Tizimalize bwanji? Nanga sukulu ikayamba, luso limeneli tilipezere nthawi iti?

Yankho 1: Yambani ndi chigobacho, mayi. Fungolo likutanthauza kuti mkati simunaume. Ana amakonda kusanjikiza mapepala kasanu nthawi imodzi, ndiye pamwamba pamauma pomwe pansi pakadali chinyontho, kenako chuku. Ngati mwaoneka timadontho takuda, chitayeni, musapentepo.

Kuyambanso sikuvuta. Sakanizani kapu imodzi ya ufa wa tirigu, makapu awiri a madzi ndi sipuni imodzi yaikulu ya mchere mpaka zibulumwa zithe. Mcherewo umachedwetsa chuku. Nyuzipepala ing'ambeni ndi manja, timizere ta masentimita awiri kapena atatu mulifupi. Yodula ndi sizasi imasiya m'mphepete motukuka. Kamzere kalikonse kaviikeni m'phala la ufalo, kenako kakokeni pakati pa zala ziwiri kuti phala lochuluka lichoke. Sanjikizani kawiri kapena katatu basi, muumike maola 24, kenako muonjezere. Malo oumikira akhale opita mphepo koma osati padzuwa lamphamvu, chifukwa baluni ikatentha imafufuma n'kung'amba mapepala. Mukakhudza ndi kuseri kwa dzanja n'kumva kuzizira, sichinaume. Maulendo atatu otere sabata isanathe mwamaliza.

Yankho 2: Dongo limachepa likamauma. Miyendo yoonda imauma msanga, thupi lonenepa limatsalira, ndiye mng'alu umabwera polumikizira. Mbali iliyonse isanenepe kuposa sentimita imodzi. Thupi likakhala lalikulu, likumbeni kunsi kuti mkati mukhale mphako. Polumikiza mwendo, kandani mbali zonse ziwiri ndi kamtengo kosongoka, pakanipo dongo losungunula ngati phala, mukanikize n'kusalaza ndi chala. Ana ambiri amangogundanitsa, n'chifukwa chake miyendo imathothoka. Umikani pamthunzi mutaphimba ndi pulasitiki mosamanga, ndipo muzitembenuza tsiku lililonse. Ming'alu yaing'ono itsekeni ndi phala lomwelo. Dongo lotsala likulungeni m'nsalu yonyowa, muike m'thumba la pulasitiki lomanga bwino.

Yankho 3: Cha crochet sichikufunika kuthamangira. Kolekani pini pa lupu yomaliza kuti isamasuke, mulembe pakapepala saizi ya singano ndi mzere womwe mwana wafika. Kapepala ka pa ulusi musataye, kadzathandiza kupeza mtundu womwewo ulusi ukatha.

Yankho 4: Pa za nthawi, tulo poyamba. Mwana wa zaka 6 mpaka 12 amafunika kugona maola 9 mpaka 12. Kuyambira lero fulumizani nthawi yogona ndi mphindi 15 pa masiku awiri alionse, komanso nthawi yodzuka chimodzimodzi. Mukadikira usiku womaliza, sabata yoyamba idzakhala ya misozi ndipo luso lidzakhala loyamba kufa. Zaluso zikhale mphindi 20 mpaka 30, masiku atatu pa sabata, homuweki ikatha.

Yankho 5: Za tulo ndikugwirizana nazo, koma mphindi 20 sizikwanira dongo kapena mapepala omata. Kuyala, kusakaniza ndi kutsuka kumadya nthawi yonseyo, mapeto ake kholo limatopa n'kuletsa. Gawani chonchi: mkati mwa sabata zouma zokha, monga pensulo, makrayoni ndi kuluka, zonyowa zidikire Loweruka. Komanso wa zaka 7 musamuuze kuti akapanda kumaliza homuweki sajambula. Kujambula kukasanduka malipiro, homuweki imasanduka chilango. Aliyense akhale ndi kabokosi kake kofikirika, chifukwa chomwe chakwezedwa pamwamba pa kabati chimaiwalika.

Wofunsa: Zikomo kwambiri nonse. Nanga chigobacho chikauma, tipente nthawi yomweyo?

Yankho 1: Phulitsani kaye baluni, muichotse, mkati muume tsiku lina limodzi. Pakani utoto woyera poyamba kuti zilembo za nyuzipepala zisaonekere, ukauma mupake mitundu. Utoto wa acrylic (wopentera zaluso, wouma msanga) musauthire madzi ambiri, ungafewetse mapepala. Maburashi atsukeni ndi sopo mukangomaliza, chifukwa acrylic ikauma siisungunukanso m'madzi, ndipo muwagoneke pansi kuti aume. Akaimikidwa m'kapu ya madzi ubweya uli pansi amapindika, ndipo guluu wogwira ubweyawo amafooka.