Chitseko cha dalaivala chatsika, mahinjesi ndingasinthe ndekha pakhomo?

WaCorolla110:
Moni nonse. Ndili ndi ka Corolla kakale, AE110, ndiye chitseko cha dalaivala chandisowetsa mtendere. Ndikatsegula chimatsika pang'ono, potseka mpaka ndichikweze kaye kenako ndimenyetse, apo ayi chimangogunda pa loko n'kubwerera. Madam akuti sayendetsanso mpaka ndikonze. Ndikachigwira kumapeto n'kuchinyamula chikusewera ndithu, kumveka gwede gwede pa hinjesi ya m'mwamba. Kugaraja ndikuopa akaisunga masiku pomwe ndi yomwe ndimaperekezera ana kusukulu. Masipanala ndili nawo, jeke ilipo. Ndizotheka ndekha izi?

MakanikoWakale:
Ndizotheka akulu, koma musakhale nokha, pezani munthu wogwira chitseko. Kugwedera mukumvako ndi pini ndi mabushi (timphete timene pini imazungulira m'kati mwake) a mu hinjesi, zadyeka. Mwayi wanu ndi woti pa Corolla mahinjesi ndi omanga ndi mabawuti, osati owotcherera, sipanala yake ndi 12.

Musanamasule chilichonse tengani maka mujambule mozungulira hinjesi, pa chitseko ndi pa bodi pomwe, apa musadumphe chifukwa mzere umenewo ndi umene ukakuuzeni pobwezera yatsopano. Kenako tsegulani chitseko, ikani jeke pansi pake chakumapeto, pakati pa jeke ndi chitseko pakhale thabwa lokuta ndi sanza, ndipo musapope ngati mukukweza galimoto ayi, jeke ingolandira kulemera basi. Sinthani imodzi imodzi, yam'mwamba ithe kaye kenako yam'munsi, chitseko chizikhala chogwira penapake nthawi zonse.

Povuta ndi mabawuti a ku bodi, amabisala kuseri kwa madigadi (chitsulo cha bodi chophimba tayala la kutsogolo) ndipo soketi silowa bwino. Mukaona kuti sipanala ikuterereka musakakamire mpaka mutu wa bawuti uzungulire, bola kumasula madigadi ija muisunthe, nthawi yoonjezera ilipo koma mugwira ntchito mukuona. Ngati achita dzimbiri thirani WD-40, mafuta opopera ofewetsa dzimbiri aja, madzulo mumasule m'mawa. Ena amathira brake fluid, inu musayerekeze, imasupula penti.

Nachisale_BT:
Achimwene mverani za imodzi imodzizo. Amuna anga anamasula zonse ziwiri pa Vitz yathu, akuti kuti zifulumire, wogwira chitseko anali mwana wa sitandade 7. Chitseko n'cholemera inu, muli galasi ndi mota yake. Chinangoti phii pa simenti chili cholendewera ndi mawaya aja amadutsa mu kalabala pakati pa mahinjesi, awiri anaduka, galasi tinayenda nalo losatseka sabata yonse mvula ili mkati. Panopa nkhani imeneyi kunyumba sitiikamba kkkk

Mjomba_wa_Biwi:
Inetu sindikanavutika ndi zonsezo, ingomasulani kachitsulo ka pa bodi kamene loko imakolako mukatsitse pang'ono, chitseko chizitseka bwinobwino. Mphindi zisanu zatha.

MakanikoWakale:
Mjomba, kumeneko n'kubisa matenda. Chitseko chikhalabe chotsika, chiyamba kukhula penti pansi, labala wa m'mwamba sagwira ndiye fumbi ndi madzi zizilowa, hinjesi nayo ikupitiriza kudyeka. Kachitsulo kameneko timakakhudza pomaliza, mahinjesi atakhala kale m'malo.

Ndinaiwala za kogula. Kaya ku Ndirande kaya ku Biwi, za sikirapu zilipo koma kumbukirani kuti chitseko cha dalaivala ndi chomwe chimatsegulidwa kwambiri pa galimoto iliyonse, ndiye mutha kugula yakutha kuposa yanuyo. Igwireni m'manja muigwedeze, ikamasewera isiyeni ngakhale akuuzeni kuti yangotsika kumene ku Japan. Jambulani zanuzo pa foni mukafanizire, yam'mwamba ndi yam'munsi musasokoneze. Pomanga musalimbitse kaye mabawuti, tsekani chitseko pang'onopang'ono muone ngati mpata uli wofanana mozungulira komanso mzere wa bodi ukukumana ndi chitseko cha kumbuyo, zikakhala bwino ndiye mangitsani, muthire girisi pa pini.

WaCorolla110:
Ndabwera ndi lipoti. Tagwira Loweruka ndi alamu anga, kuyambira 8 koloko mpaka cha m'ma 1. Madigadi tinamasuladi, bawuti imodzi ya m'munsi inatsala pang'ono kutiliza. Hinjesi yakale nditaichotsa bushi inali itatheratu, pini ikungoyendayenda m'bowo. Poyamba chitseko chinakwera kwambiri mpaka kumakhula m'mwamba, kumasulanso, kutsitsa jeke pang'ono mpaka hinjesi inagwera pa mzere wa maka uja. Pano chikutseka ndi chala chimodzi, Madam atenga kale makiyi.

Koma pali kena, ndikatsegula pa mtunda chitseko sichikuima chokha, chikumabwerera kundimenya mwendo. Ndi kachitsulo kapakati pa mahinjesi kaja kapena ndalakwitsa penapake?