Kaseti ya malemu bambo anga yolembedwa kuti Morricone

Mwana wa ku Chibavi:
Akuluakulu, ndithandizeni. Posanthula katundu wa malemu bambo anga ndapeza kaseti pansi pa majekete awo m'sutikesi. Chikuto chinafufuta, chikuwerengeka ndi dzina loti Morricone basi. Nditaiyika mu wailesi ya aneba misozi inangoyamba yokha, chifukwa ndi nyimbo ija bambo ankaimba mluzu m'mawa kukuzizira, akupopa njinga asanapite ku msika. Ine ndinkayesa anaipeka okha. Muli mluzu, gitala, malipenga ndi anthu okuwa ngati nyama zakutchire. Kodi ndi chimbale chenicheni kapena munthu anangojambula mu filimu? Ndikufuna amayi azimvera.

Mdala wa ku Katoto:
Pepani ndi maliro, mwanawe. Mmene mwafotokozeramu, imeneyo ndi nyimbo ya mu The Good, the Bad and the Ugly, filimu ya akauboyi ya 1966 ya Sergio Leone, momwe muli Clint Eastwood. Anapeka ndi Ennio Morricone wa ku Italy, yemwe anamwalira ku Rome mu July 2020. Chimbale chinatulukadi pachokha. Kukuwa mukumvako ankatsanzira kulira kwa coyote, nyama yonga nkhandwe ya ku America, ndipo mluzuwo ndi wa Alessandro Alessandroni. Ife tinaionera mu vidiyo sho, titapanikizana pa mabenchi, Chingerezi osachimva, koma nyimbo ikangoyamba aliyense ankadziwa kuti mfuti zituluka. Fufuzani nyimbo ya The Ecstasy of Gold, pomwe mayi wotchedwa Edda Dell'Orso akuimba osatchula mawu aliwonse, mu filimumo munthu akuthamanga pakati pa manda kufunafuna golide. Kwa ine palibe ina yoposa imeneyo mu chimbale chonse.

Nya Luwinga:
Achimwene, mvetserani bwino ngati mukumveka anthu akulankhula kapena mahatchi. Ngati mulibe, ndiye kuti inachokera ku chimbale. Komanso pofufuza pa intaneti samalani, pali ya Hugo Montenegro ya 1968 yomwe inatchuka kwambiri ku Britain. Ndi yabwino, koma anangoibwereza nyimbo ya mluzuyo, si imene anajambula Morricone mwini wake.

Wokonza mawailesi ku Chiputula:
Musaiyikenso mu wailesi ya aneba ija. Lamba wa mkati akatha, wailesi imadya tepi, ndipo tepi yakale ikaduka mawu pamenepo apita. Ipukuseni kaye pang'onopang'ono ndi bolopeni mbali zonse ziwiri, chifukwa chinyezi cha kuno chimamatanitsa tepi. Kenako pezani wailesi yabwino, mulumikize ku kompyuta, muijambule kamodzi.

Mwana wa ku Chibavi:
Zikomo nonse. Mahatchi sindinawamve. Ndawaikira amayi The Ecstasy of Gold pa foni, akuti imeneyo bambo ankaibwereza kawiri Lamlungu lililonse akachoka kutchalitchi. Bambo a ku Chiputula, Loweruka mumatsegula nthawi yanji?