Ulendo wa pa sitima ya panyanja kuchokera ku Durban m'nyengo ya masika: tikonzekere bwanji tili kuno ku Angónia?

Mphunzitsi wopuma, Ulongwe

Moni kwa inu nonse, abale ndi alongo. Ine ndi mayi a kunyumba tikwanitsa zaka 25 tili m'banja chaka chamawa, ndipo ana athu agwirizana zosonkha ndalama kuti tikakwere sitima yaikulu ya alendo, imene imanyamuka pa doko la Durban ku South Africa n'kumayenda m'mbali mwa gombe la dziko lathu lino la Mozambique. Mayiwa sanaionepo nyanja yamchere chibadwire. Madzi aakulu amene amawadziwa ndi a Cahora Bassa, ndipo tsiku limene tinapita kumeneko anaima nthawi yaitali osalankhula, moti ndinadzilonjeza mumtima kuti ndidzawaonetsa madzi opanda tsidya. Ineyo ndinakwerapo Ilala pa nyanja ya Malawi ndili mnyamata, koma ndikudziwa kuti zimenezo n'zosiyana kutali.

Maganizo athu ndi oti tinyamuke mu Meyi, chimanga chitalowa m'nkhokwe, soya ndi kachewere titagulitsa, mvula itatha ndipo misewu itauma. Ndikupempha amene anayendapo kuti atiuze ngati mwezi umenewu ndi woyenera, njira yabwino yofikira ku Durban kuchokera kuno, ndiponso mapepala amene tiyenera kukhala nawo. Sindikufuna kuti thukuta la ana liwonongeke chifukwa cha kusadziwa kwanga.

Mayi wa ku Moatize

Aphunzitsi, zikomo chifukwa chofunsa kudakali nthawi, pakuti funso lanu loyambalo ndilo lofunika kuposa onse. Mu Meyi mudzapeza doko lilipo koma sitima palibe. Sitima za alendo zimene zimayenda maulendo afupiafupi ochokera ku Durban zimabwera kuchokera ku Ulaya chakumapeto kwa chaka, kawirikawiri mu Novembala, zimagwira ntchito nyengo yonse ya dzinja lathu, ndipo zimabwerera kwawo cha mu Malichi kapena Epulo, pamene kumeneko kukuyamba kufunda. Choncho masika amene inu mukuwerengera kumunda ndi amene sitima imatsazikira. Ngati mufuna kuyenda kutentha kutayamba kuchepa, muyenera kuyang'ana maulendo omaliza a nyengoyo, ndipo masiku ake enieni amasintha chaka ndi chaka, kotero muwaone pa ndandanda ya kampaniyo musanalonjeze chilichonse kwa mayi.

Zimenezi zikutanthauza kuti ndalama za zokolola za chaka chimenecho sizidzakhala zitalowa. Ine ndinachita motere: ndinalipira gawo loyamba miyezi yambiri ulendo usanafike, kenaka ndinamalizitsa pang'onopang'ono tsiku lomaliza kulipira lisanakwane. Inunso mungagwiritse ntchito zogulitsa za chaka chino kugwirira malo a chaka chamawa. Pewani sabata ya Pasaka ndi nthawi imene sukulu za ku South Africa zatsekera, chifukwa mitengo imakwera ndipo sitima imadzaza ndi mabanja.

Maulendo ambiri ndi ogona masiku atatu kapena anayi. Ena amapita ku Ilha dos Portugueses, kachilumba kamchenga kamene kali pafupi ndi chilumba cha Inhaca pakamwa pa nyanja ya Maputo, ndipo ena amafika ku Pomene, m'boma la Massinga ku Inhambane. Malo onse awiriwa alibe doko loti sitima yaikulu n'kukocheza. Imaponya nangula patali, ndipo anthu amatsikira m'timabwato ting'onoting'ono, atavala majekete oyandamitsa, n'kukatsikira pamchenga madzi akufika m'mawondo. Uzani mayi kuti tsiku limenelo asavale nsapato za kutchalitchi, ndipo kapulana (chitenje) yawo aimange mokwezeka. Ndikukumbukira gogo wina amene anali patsogolo panga, amene anagwidwa mikono ndi anyamata awiri a m'sitima, ndipo phazi lake litangoponda mchenga anawerama, natunga madzi m'dzanja, nawalawa, kenaka anatembenukira kwa mdzukulu wake n'kunena kuti ndi zoonadi, muli mchere. Ndikukhulupirira kuti mayi a kwanu adzachitanso chimodzimodzi.

Za ndalama mumvetsetse bwino. Mtengo wa tikiti umaphatikiza chipinda, chakudya cha m'malo odyera a onse ndi zisangalalo za madzulo, koma zakumwa zambiri, zithunzi, intaneti, maulendo apadera a kumtunda ndi ndalama yothokozera antchito imene amawerengera tsiku lililonse, zimenezo ndi zapambali. M'sitima simugwira ndalama m'manja. Amakupatsani kakhadi kamene ndi kiyi wa chipinda, chiphaso chanu komanso chikwama chanu, ndipo zonse zimene mwagula zimalembedwa pamenepo kuti mulipire potsika. Munthu amene sanazolowere amangopereka khadi osamva kuwawa, n'kudzadzidzimuka tsiku lomaliza, ndiye muzifunsa mtengo musanalandire kanthu.

Woyendetsa malole, Zóbuè

Bambo mphunzitsi, za m'sitima sindikuzidziwa, koma msewu ndi doko la Durban ndimazidziwa chifukwa ndakatengako katundu kambirimbiri. Ulendo wanu weniweni ndi wa pamtunda, ndipo ungakutopetseni kuposa wa pamadziwo.

Kuchokera ku Ulongwe kufika mu mzinda wa Tete ndi makilomita oposa 200. Kuchoka apo machimbombo (mabasi aakulu) amatsika ndi msewu wa ku Chimoio, amakhota pa Inchope kulowa mu msewu waukulu wa N1, amawoloka mtsinje wa Save, n'kupitirira mpaka ku Maputo, mtunda woposa makilomita 1,500, ndipo mbali zina za N1 zimakhala ndi maenje oopsa mvula ikangotha kumene. Kwa anthu achikulire ndi ulendo wotupitsa miyendo. Kuchokera ku Maputo njira yafupika chiyambire 2018, pamene anatsegula mlatho wa Katembe ndi msewu wa phula wopita ku Ponta do Ouro. Mukadutsa chipata cha m'malire cha Kosi Bay mumatsika ndi gombe la KwaZulu-Natal mpaka ku Durban tsiku lomwelo. Chipata chimenechi chimatsekedwa madzulo, choncho munyamuke ku Maputo m'mamawa. Ngati thumba la ana lingalole, kwerani ndege pa bwalo la Chingodzi ku Tete, mwina kudzera ku Maputo kapena ku Johannesburg, ndipo mudzatera pa bwalo la King Shaka, limene lili kumpoto kwa mzinda, makilomita pafupifupi 35 kuchokera kudoko.

Chimene ndikuchonderera ndi chakuti mufike ku Durban kudakali tsiku lathunthu, ngakhale awiri, n'kugona m'nyumba ya alendo. Basi ina imene ndinakwerapo inafa usiku pakati pa tchire, ndipo tinakhala pamenepo mpaka dzuwa la tsiku lotsatira litapendeka, kudikira chitsulo chochokera kutali. Sitima sidikira munthu, ndipo mukaiphonya ndalama sizibwezedwa. Doko la Durban ndi limodzi mwa madoko otanganidwa kwambiri mu Africa. Mukaima pagombe mumaona zombo za makontena zitandandalika kunja kudikira mpata wolowera, ndipo misewu yopita kumbali ya katundu imathinana ndi malole. Inu kumeneko sikukukhudzani. Alendo amakwerera ku Nelson Mandela Cruise Terminal, kudera la Point, pafupi ndi uShaka Marine World, ndipo woyendetsa takisi mumuuze dzina limenelo momveka, chifukwa mukangoti "kudoko" angakutengereni ku zipata za katundu. Musayende ndi zikwama pamsewu kukada, ndipo foni muiike m'thumba la mkati.

Mapepala: BI (chiphaso cha unzika) yokha sikwanira, pafunika pasipoti kwa aliyense, ngakhale kuti sitimayo ikubwerera m'madzi a dziko lathu lomwe. Ife a ku Mozambique timalowa mu South Africa popanda viza kwa masiku 30. Onetsetsani kuti pasipoti yatsala ndi miyezi yosachepera 6 isanathe ntchito ndiponso kuti ili ndi masamba opanda chidindo. Ngati mayi alibe, pitani ku SENAMI, ofesi yopereka mapasipoti, ku Tete panopa, musadikire Januwale.

Mkulu wa mpingo, Songo

Aphunzitsi, ndikulemba ndi ulemu wonse kwa mayi a ku Moatize, koma mtima wanga sukukhazikika ndi mwezi wa Malichi, ndipo ndikuona kuti ndingalakwe nditakhala chete. Nyengo ya anamondwe m'nyanja yathu imayamba mu Novembala mpaka mu Epulo, ndipo tonsefe tili ndi zipsera zake. Idai inagunda Beira pakati pa Malichi mu 2019, Kenneth inafika ku Cabo Delgado kumapeto kwa Epulo chaka chomwecho, ndipo Freddy mu 2023 inalowera kufupi ndi Vilankulo mu Febuluwale, inabwerera kunyanja, n'kudzagundanso ku Quelimane mu Malichi. Pomene ali m'chigawo chomwecho ndi Vilankulo. Ngakhale Durban weniweniyo anasefukira mu Epulo 2022, anthu oposa 400 anamwalira, ndipo misewu yopita kudoko inawonongeka. Ife a ku Tete sitiiwala zimene namondwe wotchedwa Ana anachita pa mlatho wa Revúbuè mu Januwale 2022.

Sindikunena kuti sitimayo ingamire. Oyendetsa amaona namondwe akadali kutali ndipo amasintha njira. Chimene ndikuopa ndi chakuti msewu wa N1 ungaduke inu muli m'njira, kapena mungafike pafupi ndi chilumba n'kuuzidwa kuti mafunde akula, timabwato sititsika, mudzangoona mchengawo ndi maso. Komanso m'mbali mwa gombe limenelo mumayenda madzi amphamvu otchedwa Agulhas, olowera kummwera, ndipo mphepo ya kummwera ikawomba mowatsutsa nyanja imakwiya kwambiri. Munthu amene anazolowera bata la Cahora Bassa angavutike.

Ngati cholinga chachikulu n'chakuti mayi aone nyanja yamchere, ganizirani njira ina. Mu Meyi kapena Juni, zokolola mutagulitsa, pitani ku Maputo, mukwere bwato lopita ku Inhaca, mugone kumeneko masiku angapo. Ilha dos Portugueses ili pafupi kwambiri, moti asodzi amakuwolotsani m'kanthawi kochepa. Simudzafuna pasipoti, mudzalipira ndi meticais, ndipo ndalama zanu zidzatsala m'manja mwa abale athu a pachilumbapo. Mukadikira mpaka Julayi kapena Ogasiti mungaonenso anamgumi, amene amafika m'madzi athu m'nyengo yozizira ndipo mu Malichi kulibe. Zimandikhudza kuti mwana wa dziko lino ayende mpaka dziko la eni kuti akaonetsedwe gombe la kwawo.

Mayi wa ku Moatize

Abambo a ku Songo anena zoona, ndipo zinandichitikira. Pa ulendo wanga wachiwiri tinadzuka m'mawa gombe likuoneka bwinobwino, matawulo tili nawo m'manja, ndipo woyendetsa sitima analengeza kuti palibe amene atsike chifukwa mafunde anali aakulu. Ena anadandaula, koma ine nditasuzumira pansi n'kuona mmene kabwato koyesera kankakwerera ndi kugwa, ndinavomereza kuti analamula bwino. Mapepala amene mumasaina amanena poyera kuti kutsika kumadalira nyengo, ndiye muwawerenge, ndipo mugule inshuwalansi ya ulendo imene imaphatikiza matenda ndi kulephera kuyenda, chifukwa chipatala cha m'sitima n'cholipira ndipo n'chodula.

Komabe sindikuvomereza kuti Inhaca ingalowe m'malo mwa ulendowu, pakuti ndi zinthu ziwiri zosiyana. Pamene sitima ikutuluka madzulo pakati pa phiri la Bluff ndi Point, ikuliza lipenga lake, anthu a pagombe akubayibitsa, nyumba zazitali za mzindawo zikucheperachepera mpaka kutsala nyali zokha, ine misozi inalengeza. Usiku umenewo ndinatuluka panja ndipo mbali zonse kunali madzi ndi nyenyezi basi. Ngati aphunzitsi analonjeza madzi opanda tsidya, amapezeka pamenepo. Kumayambiriro kwa Epulo ngozi ya namondwe imakhala yacheperako poyerekeza ndi Januwale ndi Febuluwale, ndipo kutentha sikukhala koopsa.

Za chizungulire ndi nseru, pemphani chipinda cha pakati pa sitima ndiponso cha m'munsi, chifukwa kumutu ndi kumchira n'kumene kumagwedezeka kwambiri. Mankhwala ake afunseni kwa adokotala musananyamuke, makamaka ngati mayi amamwa kale a kuthamanga kwa magazi, ndipo amamwedwa munthu asanayambe kudwala. Mankhwala a masiku onse muwaike m'kachikwama ka m'manja, popeza masutukesi amawatenga pakhomo ndipo amafika kuchipinda patapita maola. Musananyamuke aliyense amakakamizidwa kuphunzira za chitetezo ndi kudziwa malo osonkhanira pa ngozi. Mayi asadzachite mantha ndi belu limenelo, muwafotokozeretu.

Mphunzitsi wopuma, Ulongwe

Ndathokoza kwambiri nonse atatu. Ndawawerengera mayi mayankho anu dzulo madzulo tikutong'ola chimanga pakhonde, ndipo atamva za gogo wolawa madzi uja anaseka, kenaka anafunsa ngati amaloleza kutenga madziwo m'botolo kuti adzaonetse anzawo a ku chigwirizano. Za namondwe anazimvetsera mwachidwi, pakuti mchemwali wawo anali ku Beira nthawi ya Idai, ndipo anena kuti Malichi ayi. Tagwirizana kuti tifufuze ulendo wa mu Epulo wosagundana ndi Pasaka, wa masiku atatu wopita ku Ilha dos Portugueses, poti ndi kufupi ndi Durban kusiyana ndi Pomene. Ukapanda kupezeka chaka chimenecho, titsatira uphungu wa abambo a ku Songo n'kupita ku Inhaca mu Juni, ndipo ana ndawauza kale kuti zimenezo sizidzakhala zochititsa manyazi. Popita tidzayesetsa kukwera ndege, pobwerera tidzadzera pamsewu kuti mayi adzaone mlatho wa Katembe ndi kugona kwa mwana wathu ku Matola.

Lolemba tikwera chapa (minibasi) ya m'mawa kupita ku Tete kukayamba za pasipoti ya mayi. Achimwene a ku Zóbuè, ndikupemphani mundiuzeko dera la ku Durban limene muli nyumba za alendo zodalirika ndi zosadula, kufupi ndi kokwerera sitimako, kumene anthu awiri achikulire olankhula Chingelezi chochepa angagone usiku uwiri mtima uli m'malo.