Makina odulira mitengo (chainsaw): Stihl 362 VW kapena Husqvarna 562 XPG ya mahandulo otentha? Zala zikundithera ku Chisamba

Wa Nkhuni Chilenje:
Akuluakulu thandizeni msanga. Chainsaw yanga ya Stihl 381 yatopa, kompulesheni yapita, ikatentha sikulilanso mpaka ipume kaye. Ndili ndi oda ya nkhuni ku mabekari ndi ku sukulu ina ya boding, ndikudula bulugamu pa famu ku Chisamba ndipo timayamba kusanache kuti Canter ikalowe mu tauni isanafike jamu ya madzulo. Manje vuto ndi zala. June uno ndikangomaliza tanki imodzi zala ziwiri za kumanzere zikumayera mbuu, dzanzi lokhalokha, kutsegula chivundikiro cha petulo ndikumachita kuitana mnyamata. Ndaona kuli Stihl MS 362 C-M VW ndi Husqvarna 562 XPG zonse za mahandulo otentha, alamu anga ali ku UK akubwera mwezi wamawa atha kunyamula imodzi. Bar (chitsulo choyendapo tcheni) ya mainchesi 18 kapena 20. Amene anaigwirapo ndi manja ake andiuze, za "ndinamva" ayi chonde

Mdala wa Chongwe:
Gulani Stihl 382, yopanda mahandulo otentha, ndi magolovesi. Nkhani yatha.

Wa Nkhuni Chilenje:
Magolovesi ndimavala amdala, awiri ophatikiza

Mdala wa Chongwe:
Ndiye mukuvala olakwika. Makina amenewo anapangira anthu a ku Sweden ndi ku Finland odula paini mu sinowo. Inu mukufuna kuvala jekete ya ku Moscow ku Chirundu. Kuno kuzizira ndi June ndi July basi, 9 koloko dzuwa latuluka mwavula kale juzi. Miyezi khumi inayo mudzakhala mukunyamula mawaya opanda ntchito. 382.

Makanika Kamwala:
Ndiyankhe monga munthu amene amazitsegula. Zilembozo: pa Stihl W ndi handulo yotentha, V ndi kabureta yotenthetsedwa. Pa Husqvarna ndi G ija ya kumapeto. Mkati muli kajenereta kuseri kwa flywheel, injini ikamazungulira kamapanga magetsi, mawaya amapita ku tizitsulo topyapyala tomwe tili mu handulo ya kutsogolo ndi ya kumbuyo, pambali pali switch yoyatsa ndi kuzimitsa. Palibe batire. Injini ikakhala pa idle kutentha ndi kochepa, kumabwera bwino mukamadula. Chinthucho pachokha sichivuta kawirikawiri ayi, ine chomwe chimandiopsa ndi tsiku loti mtengo wagwera makina kapena mnyamata waiponya mu Canter pansi pa zipika. Handulo ya kutsogolo ya wamba mumaipeza kapena timaiwongola. Ya mawayayo ndi sipeya ina, nambala ina, ndipo kuno palibe amene angaisunge pa shelefu chifukwa palibe ogula. Mudzadikira oda ya kunja oda yanu ya nkhuni ikupita kwa wina.
Za kabureta yotentha zija iwalani, ndi zoti isaundane madzi kumene kumazizira zenizeni.

Wa Nkhuni Chilenje:
Koma handulo ikathyoka sindingaike ya wamba nkumapitiliza?

Makanika Kamwala:
Mungaike, mawaya timamanga bwino nkuwasiya. Koma ndiye mwalipira ndalama za VW nkukhala ndi 362 wamba

Mdala wa Chongwe:
Mwamva. 382.

Wa Mapulanga Buseko:
Ine ndisiyana nanu pang'ono amdala. Zomwe akunena achimwenewa si kuzizira chabe. Ndinagwira zaka zambiri kudula paini ku Copperbelt ndisanabwere kuno kudzagulitsa mapulanga ndipo zala zoyera zimenezo ndinaziona kwa akuluakulu omwe anandiphunzitsa ntchito. Ndi kunjenjemera kwa makina komwe kumaononga timitsempha ta magazi ndi ta kumva mu zala, kuzizira kumangodzutsa. Munthu wina wamkulu yemwe tinali naye gulu limodzi anafika poti mabatani a shati amamumangira mkazi wake, ndalama ya chitsulo ikagwa pansi osatha kuitola, ndipo anali atasiya kale makina koma sizinabwerere. Ankasutanso fodya kwambiri, ndipo fodya amafinya mitsempha yomweyo.
Ndiye achimwene musanaganize za mtundu wa makina pitani ku chipatala mukawaonetse, muwauze ntchito yomwe mumagwira. Handulo yotentha imathandiza ndithu, sikuti ndi zamanyado, dzanja lofunda magazi amayenda. Koma sichotsa kunjenjemera. Funso langa, marabala a 381 yanuyo munasintha liti?

Wa Nkhuni Chilenje:
Marabala ati, a AV ochepetsa kunjenjemera aja? sindinasinthepo, ndinaigula ili choncho kwa munthu

Wa Mapulanga Buseko:
Eya. Gwirani handulo ndi dzanja limodzi, injini ndi linalo, mugwedeze. Ikamachita khwekhwerekhwe kapena yauma gwa osasuntha nkomwe ndiye kuti marabala anatha kalekale ndipo zonse za injini zikumathera m'manja mwanu. 362 ndi 562 zili ndi masipuling'i m'malo mwa marabala, mbali imeneyo zimafewa kuposa 381 ngakhale mutagula yopanda heater.

Makanika Kamwala:
Zoona zimenezo. Komanso tcheni. Anthu a nkhuni ndimakuonani, mumabwera ndi tcheni chonyezimira pa mano ngati sipuni nkumati makina alibe mphamvu. Chikamatulutsa utuchi wa fumbi m'malo mwa tizipalapala ndiye kuti mukukanikiza ndi mphamvu zanu, mukufinya handulo, zala zimafa msanga. Ndipo ma depth gauge, tizitsulo ta kutsogolo kwa dzino lililonse la tcheni, ena mumawasema mopitiliza ati idye kwambiri, ndiye imadumphadumpha mu mtengo. Bulugamu wouma ndi wolimba, wogona pansi nyengo ino ali ndi dothi mu makungwa. Ikani tcheni cha semi chisel, cha mano a kona yozungulira, pa Stihl ndi RM, musiye RS. Tupa ya 5.2mm pa tcheni cha 3/8 cha Stihl, mukapita ku Husqvarna cha 3/8 chawo ndi 5.5mm. Kunola pang'ono pa tanki iliyonse osati kudikira chifere.

Mayi wa Malasha ndi Nkhuni Mtendere:
Ine sindigwira makina koma ndili nawo awiri ndi anyamata odula ndiye ndilankhuleko za thumba. Bambo a Chilenje mwati alamu anu anyamula pa ndege, afunse kaye kampani ya ndegeyo chifukwa ena amakana chilichonse cha injini ya petulo olo chikhale chatsopano mu katoni. Akafika pa airport pali a misonkho a ZRA. Ndiye waranti ya ku UK mukaifunsa kwa ndani kuno? Ine wanga wina anafa mwezi woyamba, mnyamata anathira petulo wosasakaniza ati anaiwala chigubu, pisitoni kukandika yonse, waranti panalibe poyambira koma chifukwa ndi makina odziwika kuno tinapeza pisitoni ndi silinda tsiku lomwelo mawa lake anali ku thengo. Chaka cha 2024 chija madzi a ku Kariba atatsika kwambiri malodishedingi atafika povuta, aliyense wa buledi ndi wa restaurant amafuna nkhuni, amene makina ake anagona sabata imodzi makasitomala anapita osabweranso

Mdala wa Chongwe:
Amayi anena zomwe ndikunena ine kuyambira mmawa. 382 ndi 72cc, 362 ndi 59cc. Mukuchoka pa 381 kutsika pansi nkulipira zambiri. Sipeya za 381 ndi 382 olo ku Chipata olo ku Petauke muzipeza. Kabureta ya masikuluwu, H ndi L, pansi pa mtengo ndi screwdriver mwakonza. Izi za kompyutazi, 362 C-M ndi 562, zikadwala ku Chisamba mudzaitana ndani

Mnyamata wa Tree Felling Woodlands:
Amdala ulemu wanu koma M-Tronic, kompyuta ya Stihl yotchuna kabureta, mukuiopa chabe. Ine ndili ndi Stihl 261 C-M ya M-Tronic ndimagwetsera mitengo m'mayadi, jacaranda, mapeyala, mango, sinandivutepo. Imadzitchuna yokha, kukazizira kukatentha, olo mutsike nayo ku Siavonga kuchoka kuno kumtunda komwe tili pafupifupi mamita 1,300 simugwira sikuluwu. Ma 381 angati afa chifukwa munthu watseka H kuti ilire mokoma? Ndipo kulemera, 362 ndi 5.6kg, 382 ndi 6.2kg popanda bar, tsiku lonse mukudula zipika msana umadziwa kusiyana. Mphamvu 3.5kW pa bar 18 ikukwana bulugamu wa nkhuni, sakucheka mapulanga awa.
Chomwe imadana nacho ndi petulo wakuda. Solenoid yake, kavalavu ka magetsi kolowetsa petulo, sifuna zinyalala. Wa m'zigubu wa m'mbali mwa msewu ayi.

Mdala wa Chongwe:
Mango wa mu yadi ku Woodlands si ntchito mwana wanga. Bwera ku Chongwe udzadule mutondo wouma October uone ngati kompyuta yako siilira

Mnyamata wa Tree Felling Woodlands:
Kkkk amdala mutondowo muli ndi pepala lake?

Mdala wa Chongwe:
Ndili nalo. Iwe unali usanabadwe ndikuyamba kupita ku Forestry

Mayi wa Malasha ndi Nkhuni Mtendere:
Poti mwaitchula, bambo a Chilenje olo ndi bulugamu wodzala pa famu musayende opanda kalata ya mwini famu ndi conveyance, chilolezo chonyamulira mitengo, ya ku Forestry Department. Lamulo la nkhalango la 2015 lija silinasewere. Pa roadblock munthu akaona zipika mu Canter sayamba wafunsa kuti ndi mtengo wanji, ndipo chiyambire nkhani za mukula amayang'ana mpaka pansi pa lodi. Dalaivala wanga anagonapo panjira pepala atalisiya pa dashboard ya galimoto ina

Wa Nkhuni Chilenje:
Mapepala ndili nawo amayi. Tibwerere ku makina, pakati pa awiriwo palibe amene anaigwirapo ya heater?

Wa Fodya Mkushi:
Ndabwera mochedwa. Ine ndinaigwirapo XPG koma osati 562, inali 550 ya mzungu wina wa famu yoyandikana nafe anabwera nayo kuchokera kwawo. Kuno ku Mkushi mukudziwa chisanu chake, kudambo udzu umayera mmawa. Kunena zoona imakoma, mphindi zochepa chabe handulo yafunda mpaka umazimitsa wekha chifukwa m'manja mwayamba thukuta, ndipo magolovesi onyowa ndi mame amauma uli pa ntchito. Koma ifenso nkhuni za mabani timadula zambiri nyengo yomweyi ndipo tonse tili pa Husqvarna 272 ndi 372 ndi Stihl 382, palibe anaitanitsapo ya heater. Tinangosintha nthawi, mmawa anyamata amakweza ndi kupanga milu ya zomwe zinadulidwa dzulo, makina amalira dzuwa likatuluka. Inu simungapange choncho? Dulani masana, mugone nazo, Canter ikweze mmawa.
Ina ndi iyi, magolovesi awiri ophatikiza amathina, magazi sayenda, mukuonjezera vuto. Amodzi okukwanani bwino ouma, ena apadera m'thumba la mkati kuti muzisintha. Ndi thupi lonse lifunde osati manja okha.

Makanika Kamwala:
Ndawonjezera kamodzi. Mukagula ya ku UK yang'anani ka shutter ka winter ndi summer pansi pa chivundikiro cha pamwamba. Buku la Stihl limati winter ndi pansi pa 10 digiri, ikapitilira 20 mubwezere pa summer. Mukakaiwala pa winter kamakokera mpweya wotentha wa pa silinda kupita ku kabureta, September muno makina adzatentha nkumadabwa. Ndalandirapo otero kuchokera kwa anthu ogula salaula ya makina.
Ndipo chenjerani ndi ma fake. Pali ena olembedwa dzina bwinobwino mtundu womwewo wa orange, ukatsegula mkati zitsulo zake zachabechabe, chain brake yongokongoletsa. Munthu anabwera nayo kuno ati anagula motchipa pa Facebook, nditakankha brake tcheni chimangozungulirabe. Ndinamuuza kuti iyi sindikonza, mwendo ndi wanu. Alamu anuwo akagule kwa dealer weniweni, risiti ndi serial number.

Mnyamata wa Tree Felling Woodlands:
Oyilo mukuthira 50:1 ya 2 stroke yeniyeni eti? 100ml pa malita 5. Pali anthu mpaka lero akuthira ya injini ya galimoto

Wa Fodya Mkushi:
Ku tcheni ndiye osanena, oyilo wakuda wotsitsa mu thirakitala. Pampu imatha, bar imatha, malaya onse bii

Mdala wa Chongwe:
Wakudayo ine ndathira zaka zonsezi bar yanga ilipo

Makanika Kamwala:
Amdala pampu yanu ndinasintha ndine

Mdala wa Chongwe:
Inatha ndi ukalamba. Achimwene a Chilenje mverani ine, ndalama ya VW yo mugula 382, tcheni ziwiri, tupa bokosi, buluku la chitetezo ndi chisoti, chenji mupite nayo ku chipatala monga anenera a Buseko. 382.

Wa Mapulanga Buseko:
Pa buluku ndi chipatala pokha ndagwirizana nanu. Koma munthu zala zayamba kale kuyera kumubwezera pa makina olemera a mtundu womwewo ine ayi. Bwanji 362 kapena 562 wamba yogula konkuno kwa dealer, ngati ali nayo, masipuling'i mwapeza, waranti mwapeza. Funsani kaye ngati ali ndi chingwe cha kompyuta choyezera M-Tronic kapena AutoTune, inzake ya Husqvarna, musanapereke ndalama

Wa Nkhuni Chilenje:
Ndaigwedeza 381 ija, rabala imodzi ya pansi yang'ambika pakati. A Kamwala muli nawo? ndipo 562 ndi bar 20 ikoka bwino pa bulugamu wouma kapena ndikhale pa 18

Mayi wa Malasha ndi Nkhuni Mtendere:
Wina ali ndi Canter yopanda ntchito Lachisanu? Ndili ndi lodi ku Shibuyunji, mapepala alipo